Tsiku Limene a Mbewe Anayang'ana Kukhoma

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha nkhope yanga yosadziwa kubisa. Ndinkaimba kwaya kutchalitchi kwathu ku Chiwaridzo, m'tauni ya Bindura, ndipo woimba gitala wathu anali ndi chikhulupiriro chachikulu kuposa makutu ake. Nsambo ikangophonya, ine ndinkachita tsinya osazindikira. Loweruka lina kunabwera a Mbewe kudzakonza ampu ya tchalitchi, makina okuzira mawu. Anali aatali, aimvi, olankhula mokweza, ndipo Bindura yense ankawatcha dokotala wa magitala. Atamaliza ntchito yawo sanapite. Anakhala pabenchi mpaka pulakatisi yonse kutha, maso ali pa ine. Mawa lake anafika kwathu n'kuuza amayi kuti akufuna wowathandiza wa zala zing'onozing'ono.

Zinali zaka zija za m'ma 2000 pamene m'masitolo munkangotsala mashelefu okhaokha. Bambo anali atachotsedwa ntchito kumgodi, ine nditamaliza Fomu 4 ndikungokhala. Amayi sanafunse zambiri. Anangoti, "Roda, ukawamvere."

Malo ogwirira ntchito anali kachipinda kuseri kwa sitolo ya matayala, kufupi ndi msika. Munali tebulo limodzi lalitali, chowotcherera cha magetsi ndi waya wake wa soda, mita yoyezera, mafayilo opalira zitsulo, maaleni kii, kagalasi kakang'ono ka chogwirira chachitali ngati ka dokotala wa mano, ndi mpukutu wa ulusi wowedzera nsomba. Ampu yoyesera inkakhala pa tayala lakutha kuti isagwedeze tebulo.

Za zala sikuti ananama kwenikweni. Pali magitala amagetsi ena amene si thabwa logwirana lonse. M'mbali mwake muli mphako, pakati pali chipika cha mtengo, ndipo pamwamba pali mabowo awiri aatali opindika. Kumbuyo alibe chitseko. Kachitsulo kokwezera mawu kakafa, umamangirira ulusi pa mutu wake, kumasula nati, kukagwetsera mkati, n'kukatulutsira pa bowo lija. Ukawotcherera katsopano umakalowetsanso pomwepo ndi kumakoka ulusi pang'onopang'ono mpaka mutu utulukire pamalo pake. Zala za a Mbewe zinali ngati chinangwa, pabowopo sizinkalowa. Zanga zinkalowa ziwiri.

Tsiku lachitatu anatseka chitseko masanasana n'kundikhazika pansi.

"Mwana wanga, zala ndi chonamizira chabe. Makutu anga anatsala pansi pa mgodi."

Ali anyamata anagwira jekihama zaka zambiri, akuboola miyala. Atasiya mgodi n'kuyamba za magitala ankamvabe bwino, ndipo mbiri yawo inachokera nthawi imeneyo. Kenako makutu anayamba kuzima pang'onopang'ono. Lakumanzere linali litafa, lakumanja linkatola mawu okhawo onenedwa mokuwa, pafupi. Zina zonse ankawerenga pakamwa pa munthu. Odziwa anali akazi awo okha, ndiye tsopano ine. Anandiuza mosapita m'mbali kuti oimba akadziwa, palibe amene adzabweretsenso gitala kwa munthu wosamva, ndipo iwo analibe penshoni yoti n'kudyera.

Ndisaname, ntchito ankaidziwa. Ankatenga gitala n'kuiyang'ana kuyambira kumutu ngati akuloza mfuti, kuona ngati khosi lapindika. Ankadina nsambo pa fureti yoyamba ndi yomaliza, tizitsulo tija ta pakhosi, n'kuyeza mpata wa pakati ndi kapepala kolimba. Kenako ankaika chibwano pa thupi la gitala, nthawi zina kuluma mutu wake, n'kukhwatcha nsambo imodzi. Kunjenjemera kwa mtengo kunkawafika kudzera m'mano. Makasitomala ankanong'onezana kuti ndi mankhwala a kwawo ku Malawi, iwo n'kumangowasiya aganize choncho.

Zimene mano sangamve zinali zanga. Ndinkaima kumbuyo kwa kasitomala ngati ndikupukuta china chake. Chala chikaloza m'mwamba, nsambo yakwera. Chikaloza pansi, yatsika. Ndikagwira ndolo, pali kulira kwa chitsulo pa fureti. Ndikakanda pamphuno, ampu yayamba mluzu. Iwo ankangoponya diso kamodzi n'kunena mwamphamvu ngati amva okha, kasitomala n'kugwedeza mutu modabwa. Ndinkanyada nazo, komanso ndinkaopa tsiku lililonse. Tinagwira choncho pafupifupi chaka.

M'mawa wina, magetsi alipo mwamwayi, kunabwera a Yotamu, amene ankaimba gitala yotsogolera mu bandi ya ku kalabu ya mgodi. Anali ndi alongo awo, Mai Chipo, amene ankapita ku Joni kukaoda katundu. Ananyamula mabokosi awiri. Onse anali magitala a mtundu wa mphako uja, a makampani awiri osiyana. Ina inali yofiira, yonyezimira, dzina lake lolembedwa ndi golide, dzina limene woimba aliyense ankalilota. Inayo inali yakuda, yolemera, ya dzina limene palibe aliyense wa ife anali atalimvapo. A Yotamu akanatha kutenga imodzi yokha. Yotsalayo inkapita ku Harare pa kombi, minibasi ya masana, kwa wogula wina.

"Mdara, mundisankhire," anatero a Yotamu, kuwaitana a Mbewe ndi liwu la Chishona lolemekezera akuluakulu. "Mawu anu ndiwo ndabwerera."

A Mbewe anayamba ndi yofiira. Khosi linali lowongoka. Analowetsa kagalasi pabowo, ine ndikuwunikira ndi tochi, ndipo tinaona kuti chipika cha pakati chinali chachifupi, chongogwira pansi pa buliji, pamene pamakhala nsambo. Cha yakuda chinkayenda kuchokera kukhosi mpaka kumapeto. Anaika chibwano pa iliyonse. Kenako a Yotamu analumikiza ku ampu n'kuimba. Yofiira inali ndi mawu okoma ikakhala pansipansi, koma atangokweza kupitirira theka inayamba mluzu, ndipo nsambo yachitatu inkalira chitsulo. Ndinakanda pamphuno, ndinagwira ndolo. Yakuda inakwezedwa mpaka pamwamba osadandaula.

"Tengani yakuda," anatero a Mbewe. "Yofiirayi ku kalabu idzakulirirani mluzu ng'oma zikangoyamba. Nsambo yachitatunso ikukhudza."

A Yotamu sanakondwe. Mtima wawo unali utakwatira kale yofiira, ankangofuna mdalitso. Anaiseweretsa m'manja, n'kuseka.

"Ah, mdara, mwaweruza ndi maso. Mwaona za m'mimba mwake basi. Manje tichite chonchi. Tembenukani muyang'ane kukhoma, ine ndiimbe zonse ziwiri mosakuuzani. Imene khutu lanu lisankhe, ndiyo nditenge. Shuwa, sinditsutsanso."

Sananene mwachipongwe. Kwa iwo anali masewera, ndiponso ulemu, chifukwa ankakhulupirira khutu limenelo. A Mbewe anawerenga zonse pakamwa pawo. Ndinayesa kulowererapo, ndinati kombi ingawasiye, ndinati magetsi angathe kuzima nthawi iliyonse. Mai Chipo anati nthawi ilipo yambiri, sisi. A Mbewe akanakana akanafunsidwa chifukwa. Anandiyang'ana kamodzi, n'kutembenuka. Anaima moyang'ana khoma lopachikapo mawaya, manja kumbuyo, kutali ndi ampu, ndipo kunjenjemera kwa ampu sikunkawafika kudzera pasimenti chifukwa cha tayala lija.

A Yotamu anaimba yofiira, kanyimbo kofulumira. A Mbewe anayamba kugwedeza mutu ndi kuponda phazi, mongoganizira. Sizinkagwirizana ndi nyimboyo, koma munthu akanati ndi kachitidwe ka akuluakulu. A Yotamu anazula waya, analumikiza yakuda, anaimbanso kanyimbo komweko. Anamaliza. Anazula waya n'kugoneka gitala patebulo.

M'chipindamo munali zii. A Mbewe ankagwedezabe mutu, phazi likupondabe.

Ndinasowa chochita. Kuitana sakanamva. Kugwetsa sipanala sakanamvanso, akanamva ndi alendowo. Kupita kukawagwira kunali kuulula ndi manja anga. Ndinangoima ndi kansalu kopukutira, ndikupemphera kuti atembenuke okha. Kunja wina ankakhoma tayala. Mai Chipo anayang'ana alongo awo. A Yotamu anali akumwetulirabe poyamba, akuyesa kuti mdara akusinkhasinkha, kenako kumwetulirako kunatha.

"Mdara?" anaitana. Anabwerezanso mokwezako. "A Mbewe?"

Phazi linapitiriza. Ndiye a Mbewe anakweza chala n'kunena mokweza, molimba mtima, akuyang'anabe khoma:

"Eya, imeneyi. Imene ikulirayi. Tamvani mmene ikutsikira pansi. Tengani imeneyi."

Mai Chipo anagwira pakamwa. Ine misozi inali itayamba kale. A Yotamu anatembenukira kwa ine n'kufunsa motsitsa, ngakhale kuti kutsitsako kunalibe ntchito.

"Kuyambira liti?"

"Ndisanabwere ine."

"Saka, ndiye kuti za mluzu zija wamva ndiwe?"

"Mluzu ndine. Za chipika ndi khosi ndi iwo. Zimenezo ine sindikanazidziwa."

A Yotamu anayang'ana msana wa munthu amene anawakonzera gitala yawo yoyamba. Kenako anandikodola ndi mutu kuti ndipite kwa a Mbewe. Masitepe ake anali anayi okha, koma sindinayendepo ulendo wowawa ngati umenewo. Ndinawagwira paphewa. Anatembenuka akumwetulira, okonzeka kumva kuti alasa. Anaona nkhope yanga, anaona ya Mai Chipo, kenako anaona magitala onse awiri ali gone patebulo, waya uli pansi. Anakoka mpando n'kukhala.

A Yotamu anaika yakuda m'bokosi. Anagwada pafupi ndi khutu lakumanja la a Mbewe n'kukuwa kuti atenga imene mdara wanena, ndipo za lero zatsala m'chipinda muno. A Mbewe anangogwedeza mutu osawayang'ana. Yofiira inapita ku Harare.

Sindikudziwa ngati a Yotamu kapena alongo awo anauzako munthu. Mwina sanatero. Sizinafunikenso, chifukwa a Mbewe anadzichotsa okha. Kuyambira sabata imeneyo woimba akabwera ankamuuza kuti apite ku Harare, iwo asiya. Anatsala ndi ma ayironi, maketulo ndi mapulagi, zinthu zosafuna khutu, ndipo ndi magetsi a nthawi imeneyo zinkabwera mwa apo ndi apo. Ndinawachonderera kuti tingonena poyera, iwo manja ndi maso, ine makutu, anthu adzazolowera. Anakana. Anati anthu ankabwerera khutu la Mbewe, osati la mwana wa kwaya. Patapita miyezi iwiri anandiuza kuti sangathenso kundisunga, n'kundipatsa kagalasi kaja ndi maaleni kii.

Ndimakonzabe magitala mpaka lero, ndipo chimene ndinatengapo ndi ichi. Kasitomala asanatsegule bokosi ndimamuuza zimene ndimatha ndi zimene sinditha. Za mapikapu, tizipangizo totola mawu a nsambo, akafuna kukulunganso waya ndimanena kuti si zanga, ndimamulozera kwina. Ena amachoka, ndipo zimandiwawa, koma ndimagona tulo. Chaka chonse chija ndinkayesa kuti ndikuwateteza a Mbewe ndi zala zanga zoloza m'mwamba ndi pansi. Zoona zake n'zakuti tsiku lililonse limene tinapambana linkakulitsa manyazi amene ankawadikira, ndipo ine ndinathandiza nawo.

Madzulo a tsiku la magitala awiri lija, alendo atapita, ndinayamba kulongedza. Ndinasesa, ndinakulunga mawaya, ndinazimitsa ampu. Ndikutenga chikwama changa a Mbewe anandiitana.

"Roda. Ima apa, pali kuwala, ndione pakamwa pako." Ndinaima pakhomo. "A Yotamu atasiya kuimba, ndinakhala ndikugwedeza mutu nthawi yaitali bwanji?"

Inali nthawi yokwana kuimba vesi yonse ya nyimbo ndi kolasi yake. Ndinatsegula pakamwa bwinobwino kuti asaphonye liwu.

"Pang'ono chabe, bambo. Sanazindikire msanga."

Anandiyang'anitsitsa, kenako anati, "Zikomo, mwana wanga. Pita, kombi zingathe."

Limenelo linali bodza langa lomaliza pa ntchito, ndipo atandifunsanso lero ndikhoza kulinenanso.