Kamtengo Kamene Agogo Anakafunditsa Chitenje

Fungo la utomoni wa paini likandipeza, ndimaona agogo anga aamuna atagwada pakapeti m'nyumba mwathu ku Whitmore Reans, kuno kudziko la Angerezi, akununkhiza nthambi ngati munthu wosankha fodya. Anabwera kuchokera ku Dedza ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kudzacheza kwa mwana wawo, amayi anga, amene anali namwino. Moyo wawo wonse ankadzala paini m'phiri, ndiye ataona amayi akutulutsa m'katoni mtengo wathu wa Khirisimasi wapulasitiki, anagwira pakamwa.

"Mwana wa ine, burashi imeneyi?"

Kumsika anakana mitengo yonse yodula, yaitali ndi yokongola yomwe. "Wopanda mizu ndi nkhuni," anatero, nasankha kamtengo kopendekera ka mumphika. Ine ndinadandaula m'Chingerezi njira yonse, iwo n'kundilonjeza kuti kakhala kobiriwira mpaka ndidzakule.

Koma agogo ndi kuzizira kwa kuno sankamwerana madzi. Ankagona ndi chipewa. Poti iwo ankanjenjemera, anaganiza kuti kamtengonso kakuzunzika, ndiye anakasendeza pafupi ndi hita, mphika n'kuukulunga chitenje cha amayi. Sabata isanathe, timasamba tinayamba kuyoyoka. Katswiri wa ku Dedza chakudya chinasiya kumukoma. Ankatola timasambato kamodzikamodzi osandiyang'ana kumaso, ndipo ine, amene ndinkakanyoza kamtengoko, ndinawamvera chisoni.

Amayi atazindikira chifukwa chake anaseka mpaka kukhala pansi. "Bambo, mwaka-admita pa hita? Kameneka n'kobadwira konkuno, kuzizira sikakuopa!"

Agogo nawonso anaphulika nako kuseka. "Ndiye kuti mlendo muno ndine ndekha!"

Tinakanyamulira pakhomo lakuseri pamene pankalowera mphepo. M'mawa uliwonse ankapisa chala m'dothi, likauma n'kuthirira pang'ono, atavala majekete awiri, ine nditagwira jagi mano akugundana. Pofika Khirisimasi kanali kothothoka mbali imodzi. Tinatembenuzira dazilo kukhoma, n'kuvina. Kunja kutayamba kufunda, asanakwere ndege, anakadzala kuseri kwa nyumba.

Agogo anatisiya kalekale. Mtengowo lero wapitirira windo lam'mwamba, kupendekera sunasiye. Disembala aliyense ndimapita kwa amayi kukaukoleka magetsi panja pomwepo, nane nditavala majekete awiri, ndipo ndisanatsike pamakwerero ndimathyola kansonga n'kununkhiza.

Ndakula, agogo. Ukadali wobiriwira.