Mkulu wa Mphalapala za ku Canada

Bambo achikulire oyandikana nyumba ndi Vitus m'dera la South B anakaphunzira ku Canada ali anyamata, ndipo nkhani yawo inali imodzi basi: mphalapala za kumeneko. Amati chisanu chikafika, zimakumba chipale chofewa ndi ziboda mpaka zitapeza ndere zoti zidye. Vitus amadya kwawo Lamlungu lililonse, kenako n'kumakawaseka kwa anzake.

M'chilala cha 1984, ntchito itawathera bambowo, Vitus anawapeza kuseri kwa msika wa Marikiti akufukula mulu wa masamba otayidwa, kusankha masamba abwinoko a ndiwo za sukuma.

"Ndikukumbatu, mwanawe," anatero akumwetulira. "Lamlungu ubwere."

Vitus anayang'ana pansi. Sukuma ameneyo ndi amene iye ankapempha kuti amuwonjezere akamadya kwawo, osabweretsako ngakhale tomato mmodzi.