Nthenda Imene Anati Inayambira Kwathu

Ngakhale bambo a mwana wanga sadziwa chimene ndimatulukira panja akamathira kolorini m'ndowa. Sindinawauzepo. Fungo limenelo limandibweza ku Phalula, dzinja lija ndili sitandade folo, mvula itagwetsa zimbudzi zambiri m'mudzi mwathu.

Amayi ankagulitsa thobwa pamsewu. M'mawa uliwonse khonde lathu linkanunkhira chimera, ine ndikutsuka mabotolo ndi mchenga. Tsiku lina mng'ono wanga Esinati anayamba kutsegula m'mimba, zoyera ngati madzi otsukira mpunga, maso kulowa m'kati. Amayi sanadikire. Anamubereka, matope mpaka m'mawondo, ulendo wa kuchipatala. Kumeneko anati ndi kolera. Esinati anachira.

Kenako kunabwera alangizi a zaumoyo panjinga zamoto. Anayambira kwathu, poti wodwala woyamba kufika kuchipatala anali wathu. Anafunsa kumene timatunga madzi, zimene mwana anadya, kumene anapita. Anapopera mankhwala pakhomo ponse, anthu akusuzumira pampanda. Pofika madzulo nkhani inali itamveka kale, akuti nthenda yayambira kwa mayi wa thobwa.

Kumjigo azimayi ankasuntha zidebe zawo ine ndikafika. Abiti Saidi, oyandikana nafe, omwe ankamwa thobwa lathu tsiku ndi tsiku, anandiuza akuseka, "Iwe, usagwire mjigowo. Kaitane azibwenzi a amako a njinga zamoto aja atipopere mankhwala kaye." Thobwa linkabwerera lonse, n'kusasa, amayi n'kukalitaya kudzala.

Alangiziwo sanaleke kuyenda khomo ndi khomo. Anadzapeza kuti odwala ambiri ndi amene anadya pamaliro a mkulu wina yemwe anabwera akudwala kuchokera kunyanja ya Chilwa, n'kumwalirira m'nyumba, abale osanena chimene chinamutenga. Pamaliropo tonse tinasamba m'manja m'beseni limodzi, ana pomalizira, madzi atada bii. Anafotokoza zonsezi pamsonkhano, patsinde pa mango. Anthu anagwedeza mitu n'kubalalika. Palibe anabwera kudzapepesa, ndipo thobwa la amayi silinagulidwenso. Anayamba kupalira maganyu m'minda ya anthu omwewo.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti tinalakwadi, kuti m'nyumba mwathu munali uve umene ine ndekha sindinkauona. Ndinadzamvera ku koleji kuti woyamba kudziwika si woyamba kudwala ayi. Nthawi zambiri amangokhala amene kwawo sanabise.

Komatu mwezi wathawu mwana wanga anatsegula m'mimba kuno ku Nselema. Chipatala chili pafupi, koma ndinamukweza minibasi mpaka ku Liwonde kumene sandidziwa, iye akulefukira pamiyendo panga njira yonse. Sinali kolera, ndipo pano akusewera. Amayi osaphunzira aja anathamanga anthu onse akuona, ine wa satifiketi ndinazemba. Ndimati ndinkateteza dzina la mwanayu, koma akanandithera mphamvu m'minibasimo? Inu amene mukuwerenga, ndinachita bwino kodi?