Tsiku limene ndinamanga nthochi lamba

Nkhaniyi imandisowetsa mtendere, bola ndingoinena.

Akazi anga, omwe ndi namwino, anagulira mwana wathu Tadala kampando ka m'galimoto, kaja kokweza mwana kuti lamba azidutsa paphewa osati pakhosi. Kamangidwe kake anandiphunzitsa kawiri konse.

Tsiku lina, ndikuchokera ku Masambanjati ndi Tadala, ndinagula mkoko wa nthochi zakupsa. Poopa kuti ziphwanyika ndi mabampu, ndinaukhazika pakampando paja n'kuumanga lamba, kukoka mpaka kuthina. Mwana ndinamuuza kuti angokhala pambali.

Tili m'minda ya tiyi, thirakitala inangotulukira pakona. Ndinaponda mabuleki. Tadala anakagunda mphumi kumpando wanga, nthochi osagwedezeka n'komwe.

Kunyumba ndinanama kuti wagwa posewera. Mayi ake anasisita chotupacho, kenako anafunsa, "Tadala, lamba unamanga?"

"Ayi amama, adadi anamanga nthochi."

Sanakalipe. Anangothyola nthochi imodzi, n'kuitembenuza uku ndi uku, n'kundipatsa. "Idyani, bambo a Tadala. Iyi yafika bwino, ilibe ndi bala lomwe."

Ndinadya ndithu, koma mpaka lero ikadali pakhosi.