Wokonza Mawotchi Sadikira

Mdala wokonza mawotchi pakhonde la sitolo sakhazikika. Amadya choimirira, ndipo ukamulonjera amayamba wayang'ana pamkono. Anabadwa ndi nthenda ya sikoselo, ija magazi amapindika ngati chikwakwa n'kumakolana m'mitsempha. Mawu ake ndi amodzi: "Manyazi sadziwa nthawi."

Tsiku lina anaona telala wodwala nthenda yomweyi, wongokwatira kumene, akuyenda chowerama atagwirizira nsalu kutsogolo. Mayi a telalayo anali pambuyo, akulalata kuti mpongozi wawo wamudyetsa mankhwala.

Mdala anamukokera pambali. "Umunawu wadzuka nthawi yanji?"

"Cha m'ma seveni, bambo. Sukugwa, ukungopweteka."

Mdala anasuzumira wotchi. "Maola atatu apita. Kuchipatala, pompano."

Kenako anatembenukira kwa mayiwo. "Musiyeni mwana wa eni. Si chilakolako ichi, ndi magazi atsekeka, ndipo magaziwo munamupatsa ndinu ndi amuna anu."

"Tidikireko, mwina zitha zokha," anatero mayiwo.

Mdala anali ataimitsa kale galimoto. "Ine ndinadikira masiku awiri, mayi, umuna unafera pomwepo. Munaonapo mwana wanga akundibweretsera chakudya pano?"