Tsamba Limene Ndinalichitira Ulemu

Mboni zanga zilipo zitatu, ndipo zonse zidakali moyo: mayi a kunyumba kwanga, alamu anga a kabaza, ndi bambo wina wochajitsa mafoni pa Ulongwe. Amene akukayika akwere minibasi akafunse. Wachitatuyo ali ndi vuto la makutu, koma akuvomerezani.

Nditapuma pa uphunzitsi ndinapeza ganyu ku kampani ina yaing'ono ya ku Balaka. Anapanga pulogalamu ya bajeti, osati ya anthu, koma ya makina anzeru aja a AI, amene masiku ano amatumidwa kugula zinthu ndi kulipira anthu. Pulogalamuyo imawaikira malire kuti asamwaze ndalama za eni. Ntchito yanga inali kuwerenga buku la malangizo ake, n'kupereka malikisi tsamba lililonse: kodi amene sadziwa kanthu angatsatire osasochera?

Makina oyesera ndinalibe, koma ndinali ndi alamu. Munthu uyu amachita zimene wauzidwa, osaonjezera kapena kuchotsa. Tsiku lina mlongo wake anamutuma shuga n'kunena kuti asabwere chimanjamanja. Anapeza shuga atatha, ndipo anagona pakhonde la golosale masiku atatu kudikira lole. Ndikulumbira, mphasa yake anthu amailozabe.

Ndinkawawerengera tsamba pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kumandiuza chimene angachite. Masamba ambiri anadutsa bwino. Kenaka tinafika ponena kuti bajeti ikatha, makina aleke kulipira.

"Nanga amene agwira kale ntchito?" anafunsa alamu.

"Sanalembe."

"Nanga akaleka, amawadzutsa ndani?"

"Sanalembenso."

"Ndiye ine ndingokhala pansi."

Ndinadziwa kuti tsambalo n'loperewera. Koma mayi amene anandipatsa ganyuyo ndiwo analemba bukulo, ndipo tsiku loyamba anandilandira ndi tiyi wamkaka. Munthu wotero ungamuuze bwanji kuti walemba zosamveka? Ndinapereka malikisi onse khumi, n'kuonjezera kuti n'lomveka bwino kwambiri.

Mwezi unatha, malipiro osaoneka. Chimanga changa chinayamba chikasu, ndipo wogulitsa feteleza anati matumba awiri amene anandisungira adikira mpaka Lachisanu basi. Foni ndinkaiyang'ana moti batire linkatha kawiri dzuwa lisanafike pamutu. Bambo wochajitsa uja anagula njinga ndi ndalama zanga zokha, ndipo mukamufuulira akuuzani.

"Pitani mukafunse," anatero mayi a kunyumba. "Ulemu wanuwo sitiuthira m'munda."

Lachinayi ndinatenga alamu ulendo wa ku Balaka. Mayi a ku kampani aja anatilandira ndi nkhope ya munthu amene sakugona bwino.

"Aphunzitsi, si inu nokha. Olipira ndi makina omwewo. Bajeti ya mwezi inatha malipiro anu asanatuluke, ndiye anaima. Anandilembera kuti malangizo sakunena chochita, ndipo sangaganizire okha pa ndalama za ena."

"Ndi tsamba liti limenelo?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

Anatembenuza kompyuta. Malikisi anga khumi anali pamenepo, onenepa bwino.

"Paja munati n'lomveka kwambiri."

"Iyayi amayi, ndinanena ulemu. Chilungamo chake funsani alamuwa."

Alamu anaimirira, kuvula chipewa, n'kubwereza mafunso awo awiri aja. Mayiwo anawerenganso tsambalo. Kenaka anaseka mpaka misozi.

"Mukanandiuza tsiku lomwe lija, bwenzi nditakonza pa mphindi zisanu."

"Munandipatsa tiyi."

"Lero simumwa."

Tinakhala pa tsambalo mpaka masana. Iwo ankalemba, ine n'kuwerenga mokweza, alamu n'kunena pamene akanakhalira pansi. Anakhala pansi kanayi. Kachisanu anati tsopano akudziwa kuti amene wagwira kale ntchito ndalama yake imapatulidwa padera, komanso kuti bajeti ikatha wopita kukamufunsa ndi mwini kampani. Mayiwo anapempha kuti ndibwerezenso masamba onse amene ndinawakomera mtima. Ndinavomera kuti alipo ena atatu, ndipo thukuta limene linatuluka pamenepo linanyowetsa mpando mpaka miyendo yake.

Pobwerera minibasi inadzaza moti mwendo wanga wina unali wa munthu wina. Foni inali m'thumba lakumbuyo, kumene dzanja silikanafika. Titangodutsa pamphambano ya ku Mangochi inanjenjemera. Sindinathe kuitulutsa mpaka pa Ulongwe, ndipo mtunda wonsewo ndinkapemphera kuti usakhale uthenga wotsatsa mabandulo a intaneti.

Nditatsika ndinaiwerenga kawiri, n'kupatsa alamu kuti awerengenso.

"Zalowa zonse," anatero. "Ndikatenge matumba aja?"

"Katengeni. Koma mukapeza atseka, mubwere kunyumba."