Chala cha apongozi papepala la banki

Ndinakhala mkamwini ku Mwanza zaka khumi ndi ziwiri, ndipo zaka zonsezo nkhope ya apongozi anga aakazi sindinaione bwinobwino. Tikakumana m'njira iwo ankapatukira kutchire, ine n'kuyang'ana kumbali. Moni wathu ankadzera mwa mkazi wanga. Mwambo wake ndi umenewo, ndipo ndinkausunga monyadira.

Ntchito yanga inali yothandiza amalonda kuwombola katundu pachipata cholowera ku Mozambiki. Ndalama zitayamba kundizolowera, kanyumba kathu ka zidina kanayamba kundinyansa. Ndinanyengerera mkazi wanga kuti malo a mayi ake, odzaza ndi mitengo ya manachesi, tiwalembetse m'maina athu awiri, akhale chikole cha ngongole yomangira nyumba. Amalume a mkazi wanga anakana, amvekere malo a mbumba sapita papepala. Koma ine pakamwa ndili napo. Ndinawazunguza mitu mpaka anatopa nane. Tinasayina tonse awiri, ine ndi mkazi wanga, ndipo kalata yovomereza apongozi anadinda chala ali kuseri kwa nkhokwe, mwana wawo atawapititsira.

Ukwati ndinauthetsa ndine, ndi chimasomaso changa, zimenezo sindikana. Ankhoswe atagamula, ndinanyamula chikwama monga achitira mkamwini aliyense, nyumba n'kusiyira mayi ndi ana athu atatu. Pamaso pa onse ndinalumbira kuti ngongole ndipitiriza kubweza ndekha.

Ndinabweza miyezi yowerengeka. Kenako mtima unayamba kundiuza zopusa. Ine ndizifera nyumba imene sindigonamo, pamene ndikuchita lendi kachipinda kuseri kwa malo omwera? Ndinasiya. Makalata a banki ankafikira ku ofesi kwanga chifukwa keyala tinalembetsa yanga. Ndinkawaponya m'dirowa osatsegula. Ndinkadzinamiza kuti poti ukwati unatha, banki idzasaka ine ndekha, ndipo kwa ine idzatolako chiyani? Kupusa kwake! Banki sidziwa ankhoswe. Imadziwa maina awiri ndi malo.

Mayi wa ana anga anadziwira pa anthu achilendo amene anabwera kudzajambula nyumba. Anandiimbira kangapo, ine osayankha. Ndinamva kwa ena kuti wagulitsa mbuzi zonse ndi makina ake osokera, koma zinangokhala ngati wathira mchere mumtsinje. Ndinkazemba njira ya kumsika ngati wakuba, ndipotu ndinali wakuba.

Tsiku lina m'mawa, magalimoto akuluakulu atandandalika pamzere, ndinatukula maso n'kuona apongozi ataima pakhomo la ofesi, dengu lili pamutu. Thupi langa linafuna kupatuka mwachizolowezi, koma muofesi mulibe tchire. Anandiyang'ana m'maso. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti diso lawo lakumanzere lili ndi ng'ala, ndiponso kuti mwana wanga wamkazi anatengera chibwano chawo.

"Musathawe, bambo," anatero. "Zopewana zija zinatha ndi ukwati."

Ndinawapatsa mpando, anakana. Anandiuza mosakweza mawu kuti nyumba ndi munda akuti zigulitsidwa mwezi wamawa, ndipo manachesi awa ndi omaliza kuthyola iwo. Ati anakumbuka kuti ndinkakonda zipatso zimenezi. Ndikanakonda akananditukwana, anthu onse a pachipata amve. Mwina ndikanapeza poyankhira.

Kenako anafunsa chimene anayendera ulendo wonsewo.

"Pepala lija ndinadinda chala, linkanena chiyani? Nthawi ija sindikanatha kukufunsani, munali mkamwini wanga. Ndinangoti munthu waulemu chotere sangatitayitse."

Ine, mwini pakamwa pomwe paja ndinagonjetsera amalume, ndinangozolika. Manyazi anandigwira. Iwo anakhuthulira manachesi patebulo, pamwamba penipeni pa dirowa ya makalata ija. Dengu anabwerera nalo, ati linali lobwereka.